Mmene mchere wa pansi pa nthaka umapindira miyala yoyandikana nawo

Kum'mwera kwa dziko la Iran, m'dera la mapiri a Zagros, kuli mapiri ena amene si a mwala wamba koma a mchere. Mcherewo umatuluka pansi pa nthaka, n'kutundumuka, kenako n'kumatsetsereka pang'onopang'ono kulowera m'zigwa, makamaka mvula ikagwa. Akatswiri a miyala amautcha mchere wa Hormuz. Unatsalira pamene madzi a nyanja yakalekale ankaphwa, zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo, ndipo miyala imene ukuikwirira lero ndi ya dzulodzuloli poyerekeza ndi iwo.

Lamulo loyamba limene wophunzira za miyala amauzidwa n'lakuti matope ndi mchenga zikamaunjikana pansi pa madzi, zimayalana mosanjikizana, chakale pansi, chatsopano pamwamba. Magawo osanjikizanawa, amene tiziwatcha miyalo, ndiwo amadzauma n'kusanduka mwala. Mchere sumvera lamuloli. Unakwiriridwa makilomita angapo pansi, koma lero uli pamwamba pa zonse. Ndipo ulendo wakewo suuyenda mozemba. Miyalo yonse yoyandikana nawo imasintha: ina imapyapyala, ina imanenepa, ina imapindika mpaka kuimirira, ina imaduka. Amene amadziwa kuwerenga miyaloyi atha kunena nthawi imene mchere unayamba kuyenda, pamene unafulumira ndi pamene unaima.

Chifukwa chake mchere sukhazikika

Mchere wa m'miyala uli ndi makhalidwe amene miyala inzake ilibe. Matope akangoyalidwa kumene amakhala odzaza madzi, choncho ndi opepuka kuposa mchere. Akamakwiririka, madzi aja amafinyika, matope n'kuthinana, ndipo akafika kilomita imodzi kapena awiri pansi amayamba kulemera kuposa mchere. Mchere wokha suthinana. Kiyubiki mita imodzi ya mchere imalemera makilogalamu pafupifupi 2,200, kaya ili pamwamba kaya ili pansi penipeni, pamene mwala wa matope kapena wa mchenga wothinana bwino umafika 2,500 kapena kuposerapo.

Khalidwe lina, lomwe ndi lalikulu, n'lakuti mchere ndi wofooka. Mukaumenya ndi hamala umasweka ngati mwala uliwonse. Koma ukapanikizidwa kwa zaka zikwizikwi umayenderera osasweka, ndipo kutentha ndi kachinyezi pang'ono zimaufewetsa kwambiri. M'migodi ya mchere makonde amene akumbidwa amapanikizika okha m'kupita kwa zaka, makoma n'kumayandikirana. Miyala ya mchenga ndi ya laimu sichita zotere pa kuya komweko: imalimba mpaka kufika posweka. Ndiye taganizirani muyalo wofewa wonenepa mwina kilomita yathunthu, utasenza miyala yolimba ndi yolemera. Katunduyo akangolemera mbali imodzi kuposa inzake, mchere umathawira kumene kwapepuka.

Kumene wathawirako umayamba ndi kutukumula miyalo ya pamwamba pake osaiboola. Ukapitirira umasanduka mzati kapena chikhoma chachitali chodutsa m'miyalo ina. Chinthu chodutsachi akatswiri amachitcha diapir, ndipo ena mwa mizati imeneyi ndi aatali makilomita angapo kuchokera pa muyalo umene anachokera.

Kodi mchere umaboola, kapena miyala ndiyo imamira?

Kwa nthawi yaitali anthu ambiri ankaona diapir ngati chinthu chimene chinadikira pansi mpaka miyala yonse itayalidwa, kenako n'kudzuka, kuboola makilomita a miyala mwamphamvu chifukwa cha kupepuka kwake. Zithunzi za m'mabuku ena a sukulu zimasonyezabe choncho. Mu 1933 katswiri wina wa ku America, Donald Barton, ananena zosiyana. Iye anati mutu wa mchere umakhala pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba nthawi yonse, ndipo chimene chimayenda kwambiri ndi miyalo ya m'mbali, imene imamira m'muyalo wa mchere pamene matope atsopano akuwonjezeka. Mzatiwo umatalika chifukwa tsinde lake likutsika, osati chifukwa mutu ukubowola.

Aliyense amene anapondapo m'matope a kudambo wopanda nsapato akudziwa zimenezi. Phazi ndilo limamira, ndipo matope amatumphuka pakati pa zala. Matopewo sanaboole phazi, angodzera pamene panali mpata.

Maganizo a Barton sanalabadiridwe kwenikweni kwa zaka zambiri. Anadzalimba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, pamene ofufuza a pa University of Texas ku Austin anayamba kuyesa zinthuzi m'mabokosi, akugwiritsa ntchito silicone, chinthu chofewa choyenderera pang'onopang'ono, m'malo mwa mchere ndi mchenga wouma m'malo mwa miyala. Mu 1992 Bruno Vendeville ndi Martin Jackson anasonyeza kuti denga lochindikala la miyala ndi lolimba kwambiri moti kupepuka kokha kwa mchere sikungaliboole. Pamafunika china choyamba kulifooketsa, ndipo kawirikawiri chimenecho ndi kukokeka kwa nthaka. Denga likang'ambika n'kupyapyala, mchere umadzaza mpata wa pansi pa mng'aluwo. Likapyapyala mokwanira, mchere umalikankha n'kutulukira. Kuboola kwenikweni kumeneku kumatenga nthawi yochepa. Mbali yaikulu ya moyo wa diapir imakhala ija ananena Barton, mutu uli pamwamba, miyalo ikumira m'mbali.

Kusiyana kwa maganizo awiriwa si kwa m'kalasi chabe. Mchere ukanakhala woboola mochedwa, miyalo yoyandikana nawo ikanakhala yofanana kunenepa kwake paliponse, yongothyoledwa pambuyo pake. Koma zimene zimapezeka n'zakuti muyalo uliwonse unayalidwa mchere uli kale pa ntchito, ndipo maonekedwe ake amasonyeza zimenezo.

Zimene anaona ku Germany

Pansi pa chigwa cha kumpoto kwa Germany, Netherlands ndi nyanja ya North Sea pali mchere wotchedwa Zechstein, wa zaka zoposa pang'ono 250 miliyoni. Chilumba cha Heligoland, chodziwika ndi matanthwe ake ofiira, chinatuluka m'nyanja chifukwa mchere umenewu unatukumula miyala ya mchenga imene ikanakhala pansi patali. Kumpoto kwa Germany n'kumene katswiri wa miyala Ferdinand Trusheim, m'zolemba zake za mu 1957 ndi 1960, analongosola mmene kunenepa kwa miyalo kumasinthira mchere ukamayenda.

Poyamba mchere umasonkhana pamalo amodzi n'kupanga chotupa chachikulu chosaboola. Mchere wosonkhanawo wachokera kutali ndithu ndi chotupacho, ndipo kumene wachokerako nthaka imatsika n'kupanga chidikha. Matope ndi mchenga zimakonda malo otsika, choncho miyalo ya nthawi imeneyi imanenepa kutali ndi chotupa n'kumapyapyala ikamakwera pamwamba pake. Pena pamwamba pa chotupa sipayalidwa kanthu, kapena zimene zinayalidwa zimakokoloka.

Zinthu zimatembenuka denga likang'ambika. Tsopano mchere umene unali m'chotupa umalowa m'mzati n'kumakwera, chotupa chija n'kuphwa. Nthaka imene inali yokwera ija, yoyandikana ndi mzati, ndiyo imayamba kutsika. Miyalo ya nthawi imeneyi imanenepa kwambiri pafupi ndi mchere, mosemphana ndi miyalo ya pansi pake. Munthu akaona pa chithunzi cha pansi pa nthaka malo amene kunenepa kwasamuka kuchoka kutali kudza pafupi, amadziwa kuti apa ndi pamene mchere unatulukira, ndipo akadziwa zaka za miyalo imeneyo wadziwanso nthawi yake.

Pali chotsatira china chosangalatsa. Chidikha choyamba chija, chimene chinali pakati pa zotupa ziwiri, chinadzaza ndi miyalo yonenepa pakati. Zotupa za mbali zonse ziwiri zikaphwa, m'mphepete mwa chidikha mumatsika pamene pakati pake patsamira kale pansi. Chimene chinali dzenje chimasanduka chitunda, chonenepa pakati, chopendekera mbali zonse. Akatswiri amachitchula ndi dzina la kamba chifukwa cha msana wakewo. Palibe chimene chinachikankha kuchokera pansi. M'mbali ndimo munagwa. Ofuna mafuta amazikonda zitunda zoterezi chifukwa mchenga wambiri unasonkhana pakati pomwepo pamene panali potsika, ndipo lero pakatipo ndi pokwera, pamene mafuta amasonkhana.

Ndondomeko ya Trusheim siikwanira paliponse. Ma diapir ambiri sanadutse m'gawo la chotupa, anayamba ndi mng'alu. Koma njira yake yowerengera mbiri ya mchere pa kunenepa ndi kupyapyala kwa miyalo ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Mamita ochepa oyandikana ndi mchere

Zimene anaona Trusheim ndi za makilomita ambiri. Zovuta kwambiri kuziona ndi za pafupi penipeni ndi khoma la mchere, m'kati mwa kilomita imodzi. Makina ojambula pansi pa nthaka ndi mafunde a phokoso saona bwino pamenepa. Phokoso limathamanga mamita pafupifupi 4,500 pa sekondi mu mchere, mofulumira kuposa m'miyalo yambiri yozungulira, ndipo miyalo yoimirira siibweza bwino mafundewo kumwamba. Choncho pamene pali nkhani yaikulu ndi pamene chithunzi chimachita chimbuuzi.

Yankho linachokera kumalo ouma kumene ma diapir akale ali poyera, munthu n'kumayenda pa miyalo yake ndi miyendo. Amodzi mwa malowa ndi La Popa, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Monterrey ku Mexico. Kumeneko kuli diapir yotchedwa El Papalote, imene pamwamba pake patsala mwala wofewa wotchedwa gypsum chifukwa mchere weniweni unasungunuka. Mu 2002 Katherine Giles ndi Timothy Lawton analongosola miyalo yoizungulira, ndipo anapeza kuti si kupindika kumodzi kwakukulu ayi. Ndi timagulu ta miyalo tosanjikizana, kagulu kalikonse kopindikira m'mwamba pafupi ndi mchere, kodulidwa pamwamba, kenako kokwiriridwa ndi kagulu kena. Timaguluti anatitcha halokinetic sequences.

Zimachitika motere. Mutu wa mchere uli pansi pa nyanja, wafunda kadenga kopyapyala ka matope. Nthawi imene matope akubwera ochepa, mchere umapitiriza kukwera poyerekeza ndi zidikha za m'mbali, ndipo pamutu pake pamatukuka chitunda. Kadenga kaja kamapindika m'mphepete mwa chitundacho, kupendekeka, kupendekekabe, mpaka kuimirira, penanso kugadabuka. Zikafika apa mbali ina imagumuka n'kugubudukira kunsi, ina imadyedwa ndi madzi. Kenako nyengo imasintha, matope ndi mchenga zimabwera zambiri, n'kuyala miyalo yatsopano yogona pamwamba pa nsonga zoduka za miyalo yoimirira ija. Chitunda chimakwiririka, kadenga katsopano kamapangika, ndipo zonse zimayambiranso. Mzere wodukirawo umaoneka bwino pafupi ndi mchere, koma mukauyenda kutalikirana ndi mcherewo umazimiririka, miyalo n'kugona bwinobwino ngati palibe chinachitika.

Ku El Papalote kuli umboni umene sungatsutsike mosavuta. M'kati mwa diapir muli zibuma za miyala yachilendo imene mchere unanyamula kuchokera pansi. Zidutswa za miyala yomweyo zimapezeka m'zigumukire zimene zili pakati pa miyalo ya m'mbali, pa misinkhu yosiyanasiyana. Sizikanafika pamenepo mutu wa mchere ukanakhala wokwiririka pansi patali. Unali poyera, mobwerezabwereza, miyaloyo ikuyalidwa. Pa chitundacho, pamene madzi anali osaya, panameranso zamoyo za m'nyanja zimene zinasiya mwala wa laimu, ndipo mwalawu umatha mukangochoka pang'ono pa diapir.

Mu 2012 Giles ndi Mark Rowan anagawa timaguluti pawiri. Pamene matope ankabwera pang'onopang'ono poyerekeza ndi kukwera kwa mchere, kadenga kanali kopyapyala, ndipo kupindika kumakhala kwadzidzidzi ngati mbedza: kumachitika m'kati mwa mamita 50 mpaka 200 kuchokera pa mchere, ndipo miyalo yakale imatha kukumana ndi yatsopano pa madigiri ofika 90. Pamene matope ankabwera mofulumira, denga linali lochindikala, ndipo kupindika kumafalikira mamita 300 mpaka 1,000, miyalo ikupyapyala pang'onopang'ono, kupendekeka kwake kosafika madigiri 30.

Mfundo imene ine ndimaiona yofunika kwambiri pano ndi yakuti miyaloyi siinapindike chifukwa chokhulana ndi mchere wokwera. Kale ankanena kuti mchere umakoka miyala ya m'mbali pamene ukudutsa. Koma mchere ndi wofewa kwambiri moti sungakoke mwala wolimba. Kupindika konse kunachitikira pamwamba, pa kadenga kosakhwima, ndipo kenako kunamira n'kukwiririka kuli kopindika kale. Muyalo woimirira umene wobowola chitsime akuupeza makilomita atatu pansi unaimirira uli pafupi ndi madzi a nyanja.

Mpikisano wa matope ndi mchere

Maonekedwe a mzati wonse amachokera pa mpikisano womwewu. Matope akamaunjikana mofulumira kuposa mchere, amalowerera pamutu pake, mzati n'kumachepa ukamakwera, mwinanso kukwiririka. Zikamayenda mofanana, makoma a mzati amaima chilili. Mchere ukapambana, umasefukira pamwamba pa miyalo ya m'mbali, monga ukuchitira ku Zagros lero.

Ku nyanja ya Gulf of Mexico kusefukira kumeneku kunafika pena. Mchere wa kumeneko, wotchedwa Louann, ndi wa nyengo ya Jurassic, zaka zoposa 150 miliyoni zapitazo, koma wambiri unachoka kale pamalo pake n'kuyalana m'mwamba pakati pa miyalo ya posachedwapa. Malirime a mchere ochokera ku mizati yosiyanasiyana anakumana n'kupanga chidenga chachikulu, ndipo kutsogolo kwake kuli phedi la pansi pa nyanja lotchedwa Sigsbee Escarpment, la msinkhu wa mamita mazana angapo. Pamwamba pa chidengachi matope atsopano akumiranso m'timadikha tozungulira, totambalala makilomita 10, 20 kapena 30, totchedwa minibasin. Mapu a pansi pa nyanja kumwera kwa Louisiana amaonetsa maenje okhaokha ogundizana. Mchenga wotsetsereka kuchokera kumtunda umazemba zitunda za mchere, kudzaza dzenje limodzi, kusefukira m'lotsatira. Choncho mchere ndiwo umalamula kumene mchenga ukagone.

Kadikha sikamira mpaka kalekale. Mchere wa pansi pake ukatha, miyalo ya pamwamba imagunda ya pansi, ndipo miyala iwiri imene inalekanitsidwa ndi mchere wonenepa imakhudzana. Malo okhudzanawa amatchedwa weld. Kuyambira pamenepo kumira kumasamukira kwina, kadikha kamapendekeka, ndipo miyalo yotsatira imanenepa mbali ina.

Pamtunda zimenezi zimaoneka bwino ku Paradox Basin, m'malire a Utah ndi Colorado ku America. Mchere wa kumeneko ndi wa zaka zoposa 300 miliyoni. Mchenga ndi miyala yokokoloka kuchokera ku mapiri akale a Uncompahgre, kumpoto chakum'mawa, zinaupanikiza n'kuukankhira m'zikhoma zazitali zondondozana. Ku Gypsum Valley miyalo yakale kwambiri, imene poyamba inali denga la mchere, yaimirira m'mbali mwa chikhoma kwa mtunda wautali kuposa timapindi ta ku La Popa tija. Pambuyo pake madzi anasungunula mitu ya zikhomazo, madenga n'kugwera m'kati, ndipo pamene panali zitunda pali zigwa tsopano. Tauni ya Moab ili m'chigwa chotere. Miyala ya mchenga imene inang'ambika m'mizere pamene inkapindika pamwamba pa mchere ndiyo inadzasemeka n'kukhala zipata zamwala zoposa 2,000 za ku Arches National Park.

Ndalama zili m'mbali

Chidwi chonsechi chinayamba ndi mafuta. Pa 10 Januwale 1901 chitsime cha pa Spindletop, pafupi ndi Beaumont ku Texas, chinaphulika n'kumatulutsa migolo ya mafuta pafupifupi 100,000 patsiku. Mafuta oyambawo anali m'mwala wa pamutu pa mchere, wopangidwa ndi zotsalira mchere ukasungunuka, ndipo sanachedwe kuchepa. Mu 1925 ena anaboola mozama m'mbali mwa mzati womwewo n'kupeza mafuta enanso ochuluka m'miyalo ya mchenga yopindikira m'mwamba. Mafuta amakwera motsatira muyalo wopendekeka mpaka atagunda mchere, umene sulola madzi kapena mafuta kudutsa, n'kuima pomwepo.

N'chifukwa chake kusiyanitsa mitundu iwiri ija ya kupindika si nkhani yachabe. Chitsime chimodzi cha m'nyanja yakuya chimadya madola mamiliyoni ambiri. Ngati mchenga unatha mamita 500 usanafike pa mchere, kapena unadulidwa ndi mzere wodukira, wobowola amene wayandikira kwambiri khoma apeza matope okhaokha.

Kumene mchere unatha

Pali malo ena kumene mchere unasungunuka wonse, n'kutsala miyalo yokha. Amodzi ali pafupi nafe, m'chigawo cha mkuwa cha Zambia ndi Katanga ku Congo. Miyala ya gulu la Roan, imene ili ndi mkuwa wa kumeneko, inayamba kuyalidwa zaka zoposa 800 miliyoni zapitazo. Kwa zaka zambiri akatswiri ankazunguzika ndi mbali ya Katanga, kumene miyalo yokhala ndi mkuwa ndi cobalt siili yolumikizana. Ili m'zibenthu zikuluzikulu, zina zotalika makilomita, zopendekeka mosiyanasiyana, zina zogadabuka, zitazunguliridwa ndi miyala yophwanyikaphwanyika. Migodi ya ku Kolwezi ndi Tenke Fungurume imakumba m'zibenthu zimenezi.

Mu 2003 Martin Jackson yemwe uja ndi anzake anafotokoza kuti chisokonezochi ndi ntchito ya mchere. Malinga ndi iwo, m'gulu la Roan munali muyalo wonenepa wa mchere umene unakwera m'mizati ndi kusefukira m'malirime, utanyamula zibenthu za miyalo imene inali m'kati mwake, makamaka pamene derali linkapanikizika zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Kenako mcherewo unasungunuka, zibenthu n'kutsala zitaunjikana pamene unazisiya. Zizindikiro zake zilipo: mwala wotchedwa anhydrite, umene umayalidwa limodzi ndi mchere, ukupezeka m'miyala ya Roan, ndipo pena pamaoneka zidindo za timibulu ta mchere m'mwala. Ku mbali ya Zambia, kumene kuli migodi ya Chingola, Kitwe ndi Mufulira, miyalo ya mkuwa ili m'munsi mwa pamene panali mchere, choncho siinabalalike motero. Akatswiri ambiri amakhulupiriranso kuti madzi owawa mchere a m'dera limeneli ndiwo anasungunula mkuwa m'miyala ya pansi n'kuusamutsira kumene ukukumbidwa lero. Wofufuza cobalt ku Katanga, pofuna kudziwa kumene chibenthu chotsatira chagona, amagwiritsa ntchito nzeru zomwe zija anazipeza ofuna mafuta ku Texas ndi ku Germany.